Mimba Imene Ndinaibisa

Chizindikiro choyamba chinali kuzizidwa. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, anzanga akusaka mthunzi, ine ndili chifundire chitenje pakhonde. Khungu linauma, tsitsi linkatsalira pachipeso, tulo osandithera. Ndinali ndi mimba ya miyezi iwiri, ndipo ankadziwa ndi amuna anga okha.

Ndinali ndi chifukwa chobisira. Mimba yanga yoyamba inapita padera, ndipo akuluakulu kumudzi kwathu ku Vubwi anati ndinaiulula msanga, woipa mtima anaimva. Ine ndinaloza chala Nabanda, mayi woyandikana nafe nyumba, poti ndiye anayamba kundiyamikira. Zaka ziwiri sindinamupatse moni. Ulendo uno ndinatseka pakamwa, ndipo kusikelo sindinapondeko, chifukwa njira yake imadutsa pachitsime pomwe amayi amaona aliyense wonyamula kabuku.

Mvula itagwa ndinkalephera kupalira ngakhale mzere umodzi wa mtedza. Apongozi anga poyamba anati ndi ulesi. Atazindikira kuti ndili ndi pakati anandimvera chisoni, nayamba kundipatsa thobwa lothira shuga m'mawa ndi masana kuti ndipeze mphamvu. Ndinkagugudiza mothokoza, poti ludzu silinkandichoka. Sindiwaimba mlandu, ankachita zimene ankadziwa.

Mu Febuluwale miyendo inatupa, maso anayamba kuchita chidima. Amuna anga ananditengera pa njinga kuchipatala chathu chaching'ono. Namwino anandibaya chala, nandigwira pakhosi. "Amayi, munali kuti miyezi yonseyi?" anandifunsa. Anandilembera kalata yopita kuchipatala chachikulu ku Katete.

Kumeneko ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, osalawa kanthu, kudikira kutengedwa magazi. Zotsatira zinatuluka patapita masiku. Adokotala anati: "Pakhosi panu pali kachiwalo kotchedwa chithokomiro. Kanu kakugwira ntchito mofooka, ndipo amayi otere matenda a shuga amawapeza mosavuta akakhala oyembekezera. Tikachedwanso, mwanayu ali pangozi."

Ndinafunsa za mimba yoyamba ija. Anati sangatsimikize, koma vutoli likapanda kuthandizidwa limachititsa padera. Ndinakumbuka kuti nthawi imeneyonso ndinkazizidwa chimodzimodzi. Manyazi anandigwira, ndinalira pamaso pawo.

Anandipatsa kapiritsi komwa m'mawa uliwonse ndisanadye, ndi jakisoni wotsitsa shuga. Thobwa ndi tiyi wotsekemera ndinasiya. Masabata omaliza ndinakhala m'nyumba yodikirira ya pachipatalapo, tsiku ndi tsiku kubayidwa chala mpaka nsonga zake zinachita zipsera. Mwana akangokhala chete m'mimba, mtima wanga unkaima.

Anabadwa mu Meyi kudzera pa opaleshoni, wamkulu thupi koma wofooka. Anakhala masiku anayi m'chipinda cha makanda ndisanamugoneke pambali panga. Titabwerera kumudzi ndinapeza nyumba ya Nabanda ili yotseka. Anali atasamukira kwa abale ake ku Mozambiki, ndipo mpaka lero sindinamupepese.

Panopa mwana akukwawa. Shuga anatsika, ngakhale amandiyezabe chifukwa akuti angabwerere. Kapiritsi kaja ndikumwabe, mwina mpaka imfa. Mayi mnzanga, mwezi ukangokudumphani pitani kusikelo, kabuku kali m'manja poyera, ndipo mukanene ngakhale kuzizidwa ndi kutopa komwe. Ine ndinataya nthawi kuopa maso a pachitsime, pomwe chimene chinkafuna kundilanda mwana ndinkayenda nacho pakhosi panga.