Injini Yodya Oyilo ya a Zakeyu

Kwathu ku Bembeke, munthu akagula chinthu chomuposa nzeru, amamuseka kuti wagula galimoto ya a Zakeyu. Ambiri mwa onena mawu amenewa anali asanabadwe pa nthawiyo, ndipo amanama. A Zakeyu sanaphe galimoto yawo ndi umbuli. Ine ndinakulira kuseri kwa mpanda wawo, choncho ndiloleni ndikonze.

Ndikawakumbukira, m'mphuno mwanga mumabwera fungo la utomoni wa paini, pakuti ankacheka matabwa pa Phiri la Dedza, losakanikirana ndi utsi wabuluu umene unkayandama pamwamba pa udzu wa mame m'mawa wozizira wa mwezi wa Juni, injini ikulira mosalala ngati njuchi za m'mphako. Galimotoyo anaigula yakale kwa mzungu wa zankhalango amene ankabwerera kwawo. Injini yake inalibe mapisitoni. M'kati mwake munkazungulira chitsulo cha ngodya zitatu, ndipo timilomo ta m'ngodyazo tinkafunika kunyowa ndi oyilo nthawi zonse. Kapaipi kena kankadonthezera oyiloyo m'katimo kuti apse limodzi ndi petulo. Motero oyilo ankachepa, ndipo anayenera kuchepa.

A Zakeyu ankadziwa zimenezi. Pothira petulo ankayezanso oyilo. Sankazima injini isanatenthe, ngakhale belu la Misa litalira kale. Kamodzi pa sabata ankaithamangitsa pachitunda kuti mwaye upse. "Iyi imadya oyilo," ankatero akupukuta manja, "si kuti imataya ayi." Kudya ndi kutaya ndi aneni awiri osiyana, zimene ngakhale mwana wa Sitandade 3 amadziwa.

Chaka china a Zakeyu anatumizidwa kukacheka matabwa kutali kwa mwezi wathunthu, ndipo makiyi anasiyira alamu awo, a Lufeyo, mlongo wa akazi awo, amenenso anali mwini mbumba. A Lufeyo ataona kuti oyilo akuchepa, anapita nayo galimotoyo kwa makaniko wa pansi pa mtengo, amene anapinda kapaipi kaja n'kukamanga ndi waya. Anaiyendetsa choncho masabata atatu.

Tsiku limene a Zakeyu anabwerera, zonse ndinazimva ndi makutu angawa.

"Alamu, ndakukonzerani!" anatero a Lufeyo. "Utsi watha, oyilo sakutayikanso. Zaka zonsezi munkangothirira fumbi."

A Zakeyu anatsegula boneti n'kuyang'ana wayayo nthawi yaitali. Akazi awo anawagwira pamkono.

"Bambo a Rozina, chonde."

"Zikomo alamu," anatero a Zakeyu. "Mwagwira ntchito."

Akanati chiyani? Anali mkamwini. Nyumba yawo, dimba lawo, ngakhale malo oimikapo galimotoyo, zonse zinali pa dothi la a Lufeyo. Wayayo a Zakeyu anamumasula, koma timilomo tija tinali titadyeka kale. Lamulungu lotsatira galimoto inafera pachipata cha tchalitchi, Akhristu onse akuona. Amene anakweza mawu kuposa onse ndi a Lufeyo omwewo: "Ndinkanena ine! Awa zawo ndi macheka, osati makina!" Anthu anaseka. A Zakeyu anavula jekete, n'kuyamba kukankha. Mpaka anamwalira sanatchulepo wayayo.

Ine si mkamwini wa mudzi umenewo, ndipo palibe chonditseka pakamwa. Ndikamva chipongwe chija, kaya ndi pa ukwati kaya pa maliro, ndimaimirira n'kukonza, ngakhale ana anga azibisa nkhope. Kwa okonda kuseka, nawu mtengo wa waya ameneyo:

Ng'ombe ziwiri, zogulitsidwa poitanitsa zitsulo zimene zinafika zolakwika.

Mbatatesi za dimba lonse, zothera kwa amakaniko atatu.

Sukulu ya Rozina, amene analekezera Folomu 2.

Dzina la a Zakeyu.

A Lufeyo sanalipire kalikonse.