Fomu Imene Ndinasaina Ndili Pamakwerero

Ntchito yanga yoyamba ku Dublin anandipezera ndi Mayi Tembo, namwino wa ku Zambia amene tinkapemphera tchalitchi chimodzi. Ndinali nditangomaliza maphunziro a mbiri ya zojambulajambula, sikolashipu itatha, chuma cha dziko chitagwa. Mashopu ankatsekedwa, anzanga a m'kalasi akuthawira maiko ena.

"Iwe Thoko, neba wanga afuna munthu ku gallery," anatero. "Uyende mailo, usachedwe."

Mailo, m'chilankhulo cha kwawo, ndi mawa. M'mawa mwake ndinakwera sitima ku Balbriggan, kumene ndinkakhala, ndipo anandilemba tsiku lomwelo.

Inali nyumba yaing'ono yoonetsera zojambula, antchito asanu okha. Ankakonza chionetsero cha zinthu za ku America za m'ma 1920, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, ndalama zikuchita kusefukira: zithunzi za nyumba zosanja zofika kumitambo, zikuto za mabuku a ndakatulo, mbale za galamafoni za nyimbo za jazi, mapositala oitanira anthu kudansi ndi kukanema wopanda mawu. Ife tinkapachika chisangalalo cha eni ake, panja anthu ali pamzere wofuna ntchito.

Ondiyang'anira anali a Declan, bambo aimvi, anthabwala. Zonse anandiphunzitsa ndi iwowo. Mbale ya galamafoni umaigwira m'mphepete ndi manja awiri, chifukwa sichedwa kusweka. Felemu umainyamula utavala magolovesi. Pepala lakale likafika umaligoneka patebulo, n'kuliunika ndi tochi cham'mbali kuti makwinya ndi madontho aoneke, kenako umalemba zonse pa fomu n'kusaina. Popachika pamafunika tepi yoyezera, pensulo ndi levulo. Masana tinkadyera limodzi, iwo akundifunsa za kwathu ku Zomba. Ndinkawatenga ngati malume anga.

Kutatsala masiku atatu kuti titsegule, kunafika positala yaikulu ya mayi akuvina atavala diresi ya mikanda. Tinaibwereka kwa mkulu wina wosunga zinthu zakale. Ine ndinali pamakwerero, ndikulozetsa magetsi kukhoma. A Declan anabwera ndi fomu.

"Ndaiona kale, ilibe vuto. Ingosaina, nthawi yatithera."

Ndinasaina ndili pamwamba pomwepo. Nditatsika ndinawapeza akusolola positala ija okha m'katoni, ntchito ya anthu awiri. Ngodya inakola. Pepala linang'ambika ine ndikuona, kuchokera m'mphepete mpaka paphewa la wovinayo.

Anaima duu, nkhope itafiira.

"Usadandaule, Thoko. Abwana ndikawauza ndekha."

Cha m'ma three abwana, mayi amene ankayendetsa malowo, anatiitana tonse awiri. Aliyense ankadziwa kuti chionetsero chikatha mmodzi wa ife asanu achotsedwa. Fomu inali patebulo.

"Siginecha iyi ndi yako?"

"Inde, koma positalayo sindine ndinaitulutsa."

Ndinacheukira a Declan. Maso awo anali pansapato.

"Ndinamuuza kuti andidikire," anatero chapansipansi. "Akadali kuphunzira."

Ndinafotokoza zonse mmene zinachitikira. Abwana anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anagogoda fomu ija ndi chala. Lamulo la pamalopo linali lakuti wosaina ndiye wagwira chinthucho. A Declan anali atagwirapo ntchito zaka zambirimbiri, ine miyezi inayi. Abwana anandiuza kuti ndingomaliza sabatayo.

Ndinaimaliza. Zithunzi zotsala ndinazipachika bwinobwino, levulo ili m'manja, osalankhula ndi munthu. Tsiku lomaliza a Declan ananditsatira mpaka pakhomo.

"Ndili ndi ana atatu, Thoko. Pamsinkhu wangawu angandilembe ndani?"

Misozi ndinaigwira mpaka musitima. Kuchotsedwa ntchitoko kunandipweteka, inde, koma chimene chinandilasa kwambiri n'chakuti munthu amene anandiphunzitsa lamulo ndi yemweyo anandipempha kuliphwanya, n'kudzandimangira pomwepo.

Panapita chaka ndikukolopa m'maofesi ndisanapeze malo ena osungira zojambula, kumene ndikugwira mpaka pano. Munthu akandibweretsera fomu, kaya timadyera mbale imodzi, ndimamuuza kuti atsegule katoni ndione ndi maso anga. Ena amakhumudwa, amati sindiwakhulupirira. Ndimangowapatsa tochi kuti tiunikire limodzi.