Kagalu kaja munakatola ku Likhubula

Achimwene, lero ndinapita ndi galu wanga ku Nkando kukamubayitsa katemera wa chiwewe. Pamzere panali bambo wina atafungatira kagalu kofiira pachifuwa, ndendende mmene munafikira inu pakhomo tsiku lija. Ndinangokhala pansi. Paja munkachokera ku Likhubula konyamula katundu wa alendo okwera phiri, ndipo kagalu kanu kaja munakatola panjira kakungoyendayenda. Kanali katakulumani chala, timagazi pang'ono chabe. Munandifunsa kuti, "Chemwali, kodi zimenezi n'zopitira kuchipatala?" Ine ndinali pochapa, sopo ali m'manja. Ndinaseka n'kunena kuti, "Munthu wokwera phiri tsiku ndi tsiku mukuopa mano a kamwana?" Nanunso munaseka, n'kupukutira chalacho pabuluku. Sindinakutsukeni n'komwe balalo.

Kagaluko kanafa sabata isanathe, ife tinangoti mwina ndi njala. Patatha miyezi iwiri munayamba kuopa madzi. Adokotala anati tachedwa. Anati tikanatsuka balalo ndi sopo n'kuthamangira jakisoni tsiku lomwelo, bwenzi muli moyo. Mpaka pano ndikatunga madzi akumwa ndimaona maso anu aja, milomo itauma ndi ludzu koma mukukankha kapu. Alamu sanandinenepo kanthu, ndipo ana anu amandithamangirabe ndikafika kwanu. Onse amaganiza kuti munangonyozera nokha. Sadziwa kuti munafunsa, achimwene, ndipo ine sindinalimbebe mtima wowauza zomwe ndinakuyankhani.