Lachinayi la a Cataldo

A Cataldo Ninivaggi anali mmisiri wa mipanda ya miyala, ija yosanja popanda simenti imene imagawa minda kuzungulira tauni ya Altamura. Ntchitoyi anaiyamba ali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo kuyambira pamenepo nkhomaliro yawo sinasinthe: chibenthu cha buledi, tomato wofinyira pamwamba, mafuta a azitona ndi kamchere.

Akazi awo atamwalira, tebulo la kunyumba linawakulira. Anayamba kumakadya Lachinayi lililonse kwa Mayi Sabina, kanyumba kodyeramo ka matebulo asanu kuseri kwa msika, limodzi ndi mnzawo wa paubwana, a Oronzo ometa tsitsi. Kumeneko kunalibe pepala losankhira zakudya. Mayi Sabina ankangotula zimene aphika, manja ali mbuu ndi ufa, ndipo wofunsafunsa ankauzidwa kuti akadye kwa amake.

Mimba inawavuta zaka zambiri, iwo n'kumati ndi ukalamba. Koma ataonda mpaka lamba kusowa poboola, mwana wawo Graziana anawakokera kuchipatala mumzinda wa Bari. Dokotala anati ndi matenda a siliyaki: matumbo awo amadana ndi tirigu, moti ngakhale kanyenyeswa kangawapweteke. Mankhwala kulibe, koma kusiya basi. A Cataldo anafunsa kuti asiye miyezi ingati. Dokotalayo anayamba wayang'ana kaye Graziana asanayankhe kuti ndi moyo wawo wonse.

Lachinayi lotsatira anakafotokoza kwa Mayi Sabina, mawu akuwakanika ngati munthu wopempha chinthu chochititsa manyazi. Mayiwo anawakazingira nyama, nawachotsera dengu la buledi pamaso. Koma m'khitchini mmenemo ufa unali paliponse, pa chiwaya, pa mthiko, ngakhale mumpweya. A Cataldo anadwala, n'kugona masiku atatu. Sanakwiyire munthu, koma sanabwererenso. Anaona kuti mwamuna wamkulu sangamakafunse mayi wa eni ake ngati wasamba m'manja.

Graziana anawapezera malo odyera apamwamba ku Bari, kumene papepala la zakudya anajambula ngala ya tirigu yokhwatchidwa pa chilichonse chimene iwo angadye. Mtsikana woperekera anali waulemu. Mbale yawo inabwera payokha, atabayapo kambendera kuti isasokonekere ndi zina. Ngakhale buledi analipo, wa ufa wa mpunga, wotenthera m'kapepala komata. Anadya zonse, nathokoza.

Pobwerera, m'galimoto, Graziana anawafunsa:

"Ababa, simunakhute kodi?"

"Ndakhuta, mwanawe. Chakudya chabwino ndithu. Kungoti palibe amene wanditukwana."

Nyengo yozizira yonse anadyera kunyumba. Thupi linabwerera, nkhope n'kudzadza, anthu n'kumawayamikira panjira. Koma likafika Lachinayi ankavala jekete, n'kuzungulira msika osagula kanthu, kenaka n'kubwerera. M'mawa ankasankha njira yodutsa pa uvuni wa nkhuni wa m'dera lawo, ngakhale inali yotalika. Ankaima potsidya pa msewu, n'kumayang'ana azimayi akutuluka atafungatira mikate ikutentha.

Tsiku lina a Oronzo, lezala ali nalo pakhosi pa mnzawoyo, anapereka uthenga. Anati Sabina wagula mphika watsopano ndi mthiko wake, walembapo dzina lawo ndi penti yofiira, ndipo wafunsa Graziana zonse zoyenera kuchita. Akuti akapanda kubwera Lachinayi, adzabwera yekha kudzawakoka khutu.

Anapita. Mayi Sabina sanawapatse moni. Anangoti anadzuka tambala woyamba kuti aphike asanamasule thumba la ufa, ndiye munthu asayerekeze kusiya ndi pang'ono pomwe. M'mbale munali chipere cha nyemba zikuluzikulu ndi masamba owawa, chakudya chimene anthu a kumeneko akhala akudya kuyambira kale osadziwa kuti n'chamankhwala.

"Taona, Cataldo," anatero a Oronzo, "wadwala matenda a mabwana. Mphika wakowako ngati bishopu."

"Iwe idya, usandimwazire nyenyeswa, galu wokalamba."

Papita zaka zinayi tsopano. A Cataldo anasiya kusanja miyala chifukwa cha msana, koma Lachinayi sajomba. Amakhala kumapeto kwa tebulo, kutali ndi dengu. Zakudya zawo n'zitatu zokha, zimangosinthana, ndipo sadandaula. Chimene sanazolowere n'chakumapeto, pamene m'mbale mwatsala timafuta ndi msuzi, dzanja n'kusowa kabuledi kopukutira m'mbalemo. Amayang'ana mnzawo akunyema buledi, n'kufunsa kuti walero ali bwanji.

A Oronzo amakwinya nkhope, n'kunena kuti ndi wofuwa, ophika a masiku ano ndi ana, palibe chimene akuphonya. A Cataldo amavomera ndi mutu, ngakhale khutu lawo lamva kale mmene khungu la buledi lathethekera.