Deliwe ndi Satifiketi ya Edna

Deliwe Kachingwe amakhala ku Bordesley Green mumzinda wa Birmingham, m'chipinda cha pamwamba pa shopu yogulitsa makapeti, ndipo amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Kings Heath. Ndinamudziwira ku tchalitchi. Zimene ndalemba pano wandilola yekha, ndipo pamene sindinaone ndi maso anga ndanena kuti ndinachita kumva.

Kwawo ndi ku Dowa. Ali mwana analemba mayeso a Sitandade 8 n'kukhoza, koma sanasankhidwe kupita ku sekondale ya boma. Nthawi imeneyo anthu ankakhulupirira kuti mwana wobwereza sasankhidwa, choncho ambiri pobwereza ankasintha sukulu ndi dzina lomwe. Amalume ake, a Saulos Thombozi, anali mphunzitsi ku Ntchisi. Anamutenga, namulembetsa ngati mwana wawo, pa dzina loti Edna Thombozi. Palibe ankaona kuti n'chinyengo. M'kalasi mwawo, akuti, ana angapo ankachedwa kuyankha aphunzitsi akaitana, chifukwa dzina linali lisanawalowe.

Edna uja anasankhidwa. Anakhoza bwino Folomu 4, mpaka sukulu ina yamishoni inamutenga kuti achite Folomu 5 ndi 6, komwe analemba mayeso a A-level a bayoloje ndi kemisitile. Chaka chomwecho bambo ake anadwala sitiroko, iye n'kubwerera kumudzi kukawasamalira, ndipo za sukulu zinathera pomwepo. Polembetsa chiphaso cha unzika anapereka dzina lake lobadwa nalo, monga anachitira aliyense pamudzipo. Pasipoti inatsata chiphaso, viza inatsata pasipoti. Satifiketi yokha ndiyo inatsala ya Edna.

Chaka chatha kampani imene amagwirako inalengeza kuti itumiza wantchito mmodzi kukaphunzira unamwino ku yunivesite, uku akugwirabe ntchito. Manijala wawo, Ann, anasankha Deliwe. Panali mfundo imodzi: kampani ilola munthu zaka zitatu basi. Wopanda maphunziro a sayansi amayamba ndi chaka chokonzekera, zimakhala zinayi. Wokhala ndi A-level chaka chimenecho amachilumpha. Deliwe msana unali utayamba kale kuvuta chifukwa chonyamula anthu, moti masiku ena ankavala nsapato atakhala pansi. Iyeyo ankadziwa kuti ntchito yonyamulayi sangaipirire nthawi yaitali, ndipo viza yake inamangiriridwa pa ntchitoyo.

Anandipempha kuti ndimuperekeze ku yunivesite, poti ine ndinaphunzira konkuno. Mayi wa mu ofesi yolembera ophunzira anayang'ana magiredi n'kumwetulira, nati ndi okwanira ndithu. Kenako anaika pasipoti pambali pa satifiketi. Anafunsa mwaulemu ngati Thombozi linali dzina lake asanakwatiwe. Deliwe anati ayi. Mayi uja anafunsanso ngati Edna ndi dzina lachiwiri. Deliwe anayang'ana ine, ine ndinayang'ana pansi. Mayiyo sanatikayikire poyera. Anangoti pafunika umboni wolumbira wochokera kusukulu, kapena kwa munthu amene anamulembetsa, wonena kuti anthu awiriwa ndi mmodzi, ndipo ufike mwezi usanathe.

Titatuluka Deliwe anaima pa siteji ya basi. Kenako anati, "Sisi, mukuona bwanji, ndikanangonena kuti ndinakwatiwapo?"

Ndinamuuza kuti akanafuna satifiketi ya ukwati, ndiponso ukwati susintha Edna kukhala Deliwe.

"Ndiye ndine ndani? Ine ndinakhoza, koma wokhozayo kulibe."

Sukulu yamishoni ija inasintha eni kalekale. Amene anayankha foni anati m'mabuku mwawo muli Edna Thombozi, za Deliwe sakuzidziwa, ndipo sangalumbirire munthu amene sanamuonepo. Anatsala amalume.

Anawaimbira Lamlungu titaweruka ku tchalitchi, m'galimoto mwanga, foni ili pa sipika. A Thombozi tsopano anapuma ntchito ndipo ndi mkulu wa mpingo. Anayamba ndi malonje aatali, mvula, feteleza, mwendo wa azakhali. Deliwe anawafotokozera nkhani yake. Iwo anafunsa kuti pepalalo akalumbirira kwa ndani. Atamva kuti kwa majisitireti kapena loya, mawu awo anasintha.

"Mwana wanga, ukuti ine ndi imvi zanga ndikaime pamaso pa boma, ndinene kuti ndinalembetsa mwana wabodza?"

"Amalume, wabodza ndani? Si ine ndemwe?"

"Iwe ndiwe weniweni. Koma Edna ndinamupanga ndine, pa tebulo la m'sitafu. Ndipo si iwe wekha. Akayamba kufukula, ndiyankha za ana angati?"

Deliwe anawauza kuti palibe Mzungu wa ku Birmingham amene angapite ku Ntchisi kukafukula za Sitandade 8. Iwo anaseka pang'ono nati Mzungu sachita kupita, amangodina kompyuta. Anatchula penshoni yawo, anatchula mpingo, anatchulanso mwana wawo amene ndi mphunzitsi pasukulu yomwe ija. Sindikufuna kuwaweruza. Mantha awo anali enieni, ngakhale sindikudziwa ngati anali ndi maziko. Deliwe anawachonderera mpaka mawu anamuthera. Anawakumbutsa kuti ndi iwo anamutsekera m'kalasi masiku a holide kuti awerenge. Iwo anati n'chifukwa chake zikuwapweteka, ndipo apemphera. Foni inatha choncho.

Masiku otsatira anayesa zonse. Pa gulu la Amalawi la pa foni wina anamulangiza kuti angosintha dzina mwalamulo akhale Edna. Loya wa ku Aston anamuuza kuti zimenezo zifuna pasipoti yatsopano ndi kusinthitsa viza, miyezi yambiri, ndiponso sizitsimikiza za kale. Wina anati akudziwa mnyamata ku Lilongwe amene angakonze kalata yokhala ndi chidindo chilichonse. Deliwe anasunga nambala ya mnyamatayo. Anandiuza yekha kuti anaitsegula kangapo ali pa buleki, koma ataganiza za viza sanaimbe. Anafunafuna anzake a m'kalasi, napeza mmodzi ku Wolverhampton, Twambilile, amene anamukumbatira n'kumutcha Edna tsiku lonse. Twambilile analemba umboni mosanyinyirika, koma anali asanamvepo dzina loti Deliwe, ndiye umboni wake unkangonena kuti nkhopeyo akuidziwa.

Potsiriza Deliwe anapita yekha kwa loya uja kukalumbira. Analemba zonse monga zinachitikira: kubwereza, kusamukira ku Ntchisi, dzina. Dzina la amalume sanalitchule, anangoti wachibale. Ndinamufunsa chifukwa chake, popeza kulitchula mwina kukanathandiza. Anati munthu amene anakudyetsa zaka zonse zija sumupereka kwa alendo, ngakhale atakukhumudwitsa.

Yunivesite inayankha mwaulemu. Inati ikumvetsa, koma mawu a mwini wake okha sangakwanire kuti amulumphitse chaka. Malo analipo ngati angayambe ndi chaka chokonzekera. Deliwe anapita nazo kwa Ann, napempha kuti amulole chaka chachinayicho, iye azigwira mashifiti onse a Loweruka ndi Lamlungu. Ann anapita nalo pempholo kulikulu la kampani. Anabwerako maso ali ofiira, namuuza kuti akana, ndipo malowo apatsidwa kwa Tyler, mnyamata wa konkuno amene Deliwe anamuphunzitsa kutembenuza wodwala pabedi. Za chaka chamawa Ann anati sangalonjeze.

Tsiku limenelo Deliwe anamaliza shifiti yake. Anasambitsa anthu ake, anawadyetsa, anamuyamikira Tyler pamaso pa onse.

Pano walembetsa pa koleji ina kuti alembenso bayoloje ndi kemisitile ngati wophunzira wapadera, ali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu. Akuti silabasi inasintha, muli zinthu zimene m'nthawi yake kunalibe. Amawerengera m'basi ataimirira, chifukwa kukhala pampando nthawi yaitali msana sulola. Mayeso ndi a mu Juni. Kampani sinanenebe ngati idzatumizenso munthu.