Matondo mu Mtengo wa Mango

M'mawa uno ndapeza gulugufe wamkulu pakhoma, uja wa madontho ngati maso m'mapiko mwake. Mtima wanga wathawira ku Namwera, komwe bambo ankaphunzitsa.

Tinali alendo kumeneko, ana a m'tauni. Mvula itayamba, anzanga ananditengera kuphiri kukatola matondo, mbozi zodyedwa zija. Anandiuza kuti zikapulumuka m'chiwaya zimalowa m'nthaka n'kudzatuluka zili agulugufe. Ine ndi dyera langa ndinatola timatondo todzaza chitini, n'kukatiika mu mtengo wa mango pakhomo pathu kuti tinenepere pafupi.

Kutacha ndinapeza timatondo tonse tikutsika ndi thunthu, tikupukusa mitu, osaluma tsamba n'limodzi lomwe. Nyerere zinali zitayamba kale kukoka tina.

Mayi woyandikana nafe anasiya kusesa. “Iwe mwana wa aphunzitsi, unamva kuti matondo amadya masamba a mango? Chakudya chawo ndi masamba a mtengo wa mtondo, kuphiri uko. Dzuwa likafika pamutu, afa onsewa.”

Pomwepo belu la kusukulu linalira. Linali tsiku loyeserera magule a chipani, ndipo mwana wa mphunzitsi akajomba, wokayankha anali bambo ake.

“Tiye, tachedwa!” anakuwa bambo ali kale pamsewu.

Ndinayang'ana kusukulu, ndinayang'ana kuphiri. Kenako ndinawolera timatondo tija m'yunifolomu n'kuliyatsa liwiro kulowera kuphiri, ng'oma zikulira kumbuyo, bambo akuitana dzina langa mwaukali, timiyendo tozizira tikundiyenda pamimba.