Mulunesh Anasiya Miphika N'kulowa M'mathithi a Abbay

Mulunesh anabwerera kwawo ku Tis Abay ali ndi zaka makumi atatu, kabokosi ka zovala kali pamutu, foni yosweka galasi ili m'manja. Mwamuna wake anamukweza basi ku Bahir Dar osamutsanzika n'komwe. Ukwati wa zaka zisanu ndi ziwiri unathera pomwepo chifukwa apongozi ake anati atopa kudikira mdzukulu.

Sukulu analekera giredi teni atalakwa mayeso kawiri. Munda analibe. Kwa mchimwene wake anamuyalira mphasa m'chipinda chosungiramo matumba a tefu, mbewu yopangira mkate wa injera, ndipo mlamu wake akamagawa injerayo ankanena akuyang'ana kumbali kuti, "Anthu ena amadya ngati analima nawo."

Ngati munadyapo pakhomo pomwe wina akuwerenga kutafuna kwanu, mukudziwa mmene chakudya chimakanira kutsika kukhosi. Mulunesh anakhala choncho nyengo yonse ya mvula.

Mvula itakata, kunamveka zoti gulu lina lotenga alendo pamtsinje wa Abbay likufuna wophika. Maulendo ake anali a masiku asanu, kutsika chigwa. Alendo ankakwera makayaki, timabwato tapulasitiki ta munthu mmodzi, pomwe katundu ndi wophika ankatsatira m'bwato lalikulu lopopa. Amayi anzake anakana, ati kuli ng'ona ndi mathithi. Mulunesh anavomera asanafunse ndi malipiro omwe.

Tsiku loyamba analitha atakakamira chingwe, maso ali otseka, akuitana Maria Woyera. Koma atafika pagombe anaphika shiro, ndiwo za ufa wa nsawawa, mpaka anthu ananyambita mbale, ndipo ntchito anaipeza.

Miphika ikakhala pamoto, ankatulutsa foni yake ija n'kumajambula chilichonse: anyani pathanthwe, mbusa atakolowekera ndodo paphewa, makayaki akudutsa m'thovu. Tsiku lina Endalew, mmodzi wa operekeza alendo, wapakamwa ngati wailesi, anamulanda foniyo.

"Alongo, kayaki ili pati apa?" anafunsa akuonetsa anzake. "Iyi si ntchentche yagwera mumkaka iyi?"

Onse anafa nacho chiseko. Amene sanaseke anali Gash Wubetu okha, mkulu wa gululo, bambo wa imvi yemwe khutu limodzi linagontha ndi madzi. Iwo anayang'ana chithunzi cha mbusa uja nthawi yaitali.

"Diso uli nalo, mwana wanga," anatero. "Vuto waima patali. Mtsinje amaujambula ali mumtsinje."

"Ndiye ndiphunzitseni kupalasa, Gash."

"Umatha kusambira?"

"Ayi."

"Ndiye ukufuna ndikuphunzitse kumira?"

Mulunesh atabwerera kumudzi anatenga chigubu chopanda kanthu ndi thalauza yakale ya mchimwene wake, n'kupita padziwe lodekha pomwe amayi amachapa. M'mawa uliwonse ankakumbatira chigubucho n'kumapalapata ngati nkhuku yogwera m'chitsime.

"Mulunesh!" amayi ochapa ankakuwa. "Ukusaka mwamuna pansi pa madzi? Akumtunda atha?"

"Akumtunda ndinawaona kale!" ankayankha akulavula madzi.

Patatha miyezi iwiri anaoloka dziwelo wopanda chigubu, Gash Wubetu akuonerera. Mkuluyo anangopukusa mutu, n'kumupatsa kayaki yakale yomatamata, nkhafi ndi chisoti chomukulira.

Kupalasa sikunavute kwenikweni. Chovuta chinali kudzuka. Kayaki ikagadabuka, munthu amakhala mutu pansi, miyendo ili m'kati mwa bwato, ndipo amayenera kudzitembenuza yekha ndi nkhafi komanso chiuno. Anyamata ankazidziwa m'masabata atatu. Mulunesh zinamutengera miyezi isanu. Ankatuluka m'madzi akusanza, maso ali psu, n'kukweranso.

Tsiku lomwe analowa m'mathithi koyamba, anagadabuka pafunde lachiwiri, nkhope n'kumenyetsa pamwala. Anafika kunyumba mlomo utatupa, dzino lakutsogolo litabenthuka. Mchimwene wake anamudikira pakhomo.

"Anthu akundiseka kutchalitchi," anatero. "Mkazi wamkulu ngati iwe, thalauza, chisoti, kugona m'tchire ndi amuna. Usiye zimenezi, apo ayi upeze kokhala."

"Mwandisunga, achimwene, ndipo sindidzaiwala," anayankha Mulunesh. "Koma mtsinje sindisiya."

Mawa lake anasamukira m'kachipinda kuseri kwa nyumba yogulitsira khofi.

Chaka chachiwiri, ndi zomwe ankasunga pamaulendo komanso pogulitsa balere wokazinga wotchedwa kolo kwa alendo obwera kudzaona mathithi, anagula kamera yakale ku Bahir Dar. Palibe anamuphunzitsa. Ankajambula zithunzi mazana, n'kufufuta pafupifupi zonse, n'kudzifunsa kuti ziwiri zotsalazo zapambana bwanji zinzake.

Anayamba kutsogola yekha m'mathithi. Ankaimika kayaki kuseri kwa mwala pomwe madzi amazungulira modekha, n'kutulutsa kamera m'kabokosi kosalowa madzi kamene ankakapanira pamiyendo. Alendo akamatsika, ankawagwira nkhope zenizeni: kukamwa kuli yasa, maso ali tong'o, funde lili pamutu. Madzulo ankavula chisoti n'kukoleza moto wa shiro. Posakhalitsa anthu oimba foni kuchokera kulikulu la dziko ku Addis anayamba kufunsa kuti, "Kodi mayi wojambula uja apita nawo?"

Mayeso aakulu anabwera chaka chachitatu, tsiku lomaliza la ulendo wina, pamathithi omwe operekeza alendo ankawatchula kuti Pachigayo. Kumunsi kwake kuli thanthwe lomwe madzi amalowa pansi pake, ndipo cholowa pamenepo sichituluka msanga.

Mulunesh anali kale pamalo ake, kamera ili padiso. Alendo anatsika bwino. Womaliza anali Endalew, ndipo funde linamumenya cham'mbali, nkhafi n'kumukoka dzanja mpaka phewa kuguluka. Anasiyana ndi kayaki yake, madzi n'kuyamba kumukokera kuthanthwe lija, dzanja limodzi lili lende.

Ena onse anali patali. Kuti Mulunesh atsegule kabokosi, aikemo kamera ndi kutseka, Endalew akanakhala atalowa kale. Anangoisiya kamerayo pamiyendo n'kugwira nkhafi.

"Gwira kumbuyo!" anakuwa atamufika. "Gwira, iwe!"

Endalew anagwira chingwe cha kumbuyo kwa kayaki ndi dzanja labwinolo. Kulemera kwake kunagadabuza bwato. Mulunesh anapezeka mutu pansi, m'madzi a bii, mkokomo wa thanthwe uli m'makutu. Sanachite phuma. Anaika nkhafi pamalo pake, anapotoza chiuno, n'kudzuka. Kenaka anapalasa ndi mphamvu zonse za zaka zitatu zija mpaka mphuno ya kayaki inakhudza mchenga.

Kamera inali itapita, pamodzi ndi zithunzi zonse za masiku asanu.

Gash Wubetu anabwezeretsa phewa la Endalew pagombe pomwepo, ndipo kulira kwake kunabalalitsa anyani kutsidya. Atapezako mpweya anayang'ana Mulunesh, misozi ili mbwe.

"Alongo, kamera yanu ija..."

"Khala chete," anatero Mulunesh. "Chikundiwawa n'choti sindinakujambule ukulira."

Anthu anaseka, naye anaseka nawo. Koma atapita kukatola nkhuni anakhala kuseri kwa chitsamba n'kulira mokwanira, chifukwa kamerayo inali thukuta la chaka chathunthu. Atatha anasukusula, n'kupita kukauza alendo yekha kuti zithunzi zawo kulibe. Mmodzi anakwiya kwambiri. Mulunesh anamumvetsera mpaka anamaliza, ndipo sanapepese chifukwa chopulumutsa munthu.

Asanakwere galimoto yobwerera, Gash Wubetu anaitana gulu lonse.

"Miphika tipezera wina," anatero. "Kuyambira lero, amene azitsogola ndi kulondera anthu m'mathithi ndi Mulunesh. Alipo wotsutsa?"

"Wotsutsa ayambe walimbana ndi ine," anatero Endalew, dzanja lili m'nsalu. "Phewa likapola."

Nyengo yotsatirayo Mulunesh anabwerera kufoni yake yosweka ija, akuisunga m'botolo la uchi kuti isanyowe. Sanachite nazo manyazi. Chaka chisanathe anagula kamera ina.

Lero Gash Wubetu anapuma pantchito, ndipo maulendo amatsogolera ndi Mulunesh. Amene amabwera kwa iye ambiri si akatswiri ayi. Ndi anamwino, aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'maofesi, ofuna kuphunzira kupalasa ndi kujambula ndi mafoni awo omwewo. Amawaphunzitsa kudikira kuwala kwa m'mawa, kupempha kaye asanajambule munthu, ndi kudzuka bwato likagadabuka.

Ulendo wina, namwino wa ku Gondar anaima pamwamba pa mathithi, akuyang'ana thovu kumunsi.

"Etiye Mulunesh," anafunsa, akumutchula mwaulemu ngati mkulu wake, "inuyo mantha anakutherani liti?"

"Ndani wakuuza kuti anatha?" anayankha Mulunesh akumumanga lamba wa chisoti. "Amakwera nane tsiku lililonse. Kungoti nkhafi ndimagwira ndine. Tiye, ukandipeza kumunsi, ndipo umwetulire, ndikujambula."

Namwinoyo anatsika.

Mwina inunso wina anakubwezani kwanu ngati katundu wolakwika. Mwina mayeso anakukanani kawiri, kapena zomwe anzanu amazidziwa m'masabata atatu inu zikukutengerani miyezi isanu. Zitengeni miyezi isanuyo. Yambani ndi chomwe chili m'manja mwanu lero, ngakhale anthu akuseka, ndipo chikatayika muyambenso. Osataya mtima, abale anga. Kumene mukupitako kuli anthu amene adzapulumuke chifukwa choti inu simunasiye.